Bondo Limene Linandikhazika Benchi Lakumbuyo

Abale anga mwa Khristu, ambiri a inu mumandidziwa. Ndine mayi uja amene ankakhala benchi lakutsogolo m'tchalitchi chathu kuno ku Mongue, khosi lili cheucheu kufuna kuona amene sanagwade.

Mowa sindinamwepo, kuba sindinabepo. Tchimo langa linali m'mawondo. Ndinkagwada pasimenti osayala ngakhale chitenje, kuti anthu aone. Wina akachedwa kugwada, ndinkamutsokomolera.

Chaka chatha nthawi ya mvula ndinaterereka pachitunda, dengu la chinangwa lili kumutu. Bondo lamanja linapotokoka n'kutupa. Kuchipatala adokotala anati kafupa kofewa kamene kamaletsa mafupa kukhulana kang'ambika. Anandipatsa ndodo, n'kundiphunzitsa kukweza mwendo ndi kuutsitsa ndili chigonere, m'mawa ndi madzulo.

"Mayi, miyezi itatu musagwade," anatero. "Mukapanda kumva, khasu mwatsazikana nalo."

Ine osagwada? Nyengo ya Lenti? Zinandinyansa. Zokweza mwendozo ndinaziona zachibwana, ndinachita kawiri n'kusiya. Lachisanu pa Njira ya Mtanda ndinabisa ndodo kuseri kwa chitseko, n'kugwada malo onse khumi ndi anayi. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Ulendo wachitatu ndinagwada pamalo achisanu ndi chiwiri, kudzuka kunakanika. Abambo awiri anandinyamula ngati thumba la nandolo n'kundikweza panjinga kupita nane kuchipatala.

Adokotala sanandinyengerere.

"Kodi mukufuna mwendo, kapena mukufuna kutamidwa?"

Ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa ananena zoona. Chimanga chinali chitayamba kuuma kumunda, ine wamasiye, wondikololera palibe.

Lachisanu Loyera ndinalowa ndodo ili poyera, n'kukakhala benchi lakumbuyo, la okalamba ndi odwala. Onse atagwada, ine ndinatsala chikhalire, manyazi atandigwira. Atsikana awiri anacheuka n'kunong'onezana. Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi ndodo. Ndinayamba kudzikoka kuti nditsike pansi, lithyoke lithyoke.

Pambali panga panali mayi Rozalina, amene nyamakazi inawagwira chiuno ndi zala kalekale. Ndinawanenapo kambirimbiri kuti ndi aulesi pamaso pa Mulungu. Iwowo ndi amene anandigwira mkono.

"Khalani, mana, mchemwali wanga. Ine zaka zonsezi ndimapemphera chikhalire, ndipo Ambuye sanandibwezepo."

Ndinakhala. Misozi inayamba kutsika, ine n'kumakwiya nayonso misoziyo. Tsiku limenelo ndinapemphera koyamba osasuzumira munthu.

Musandimve molakwa, bondo silinachire pomwepo. Mwendo ndinaukweza m'mawa ndi madzulo kwa miyezi yambiri, uku ndikung'ung'udza. Chimanga anandikololera ndi ana a mayi Rozalina, ndipo kunena zikomo kwa iwo kunandiwawa kuposa bondo. Lero ndimalima, ngakhale kukazizira limandikumbutsa. Kugwada sindinayambebe, ndipo mwina sindidzagwadanso.

Alemekezeke Yesu amene anandilandira ndili chikhalire. Inu amene munasiya kubwera chifukwa cha mawondo, chiuno kapena msana, ndi inu amene munathawa pakamwa pangapa, ndikhululukireni. Imwani mankhwala, mverani adokotala, ndipo Lamulungu likubwerali mubwere. Mudzandipeza kumbuyo, ndidzakusendererani.