Mayi Elenala Mukhova ndi Dzina la m'Kaundula

Amene tikuwaperekeza lero ndi mayi Elenala Mukhova. Anabadwa m'chaka cha 1961 konkuno kwa Mwambo, m'banja la alimi a mpunga. Ndikuwerengane ndine Ruth, mwana wawo womaliza.

Pulayimale anaphunzira konkuno, sekondale ku Zomba, ndipo za uphunzitsi anakachitira ku Blantyre. Mu 1984 anamanga banja ndi bambo Jafeti Mukhova, amene anatsogola mu 2015.

Pafupifupi zaka zawo zonse za ntchito anaphunzitsa Sitandade 3 pasukulu ya kufupi ndi Kachulu. Mwana akalakwa, iwo ankatenga cholembera, osati ndodo. Ankalemba zimene wachita, koma makamaka zimene zinachitika iye asanalakwe. Ife kunyumba tinkasirira ana okwapulidwa, chifukwa ndodo imatha msanga.

Chaka china, mnyamata wofatsa wa m'kalasi mwawo anabwerako kutchuthi ali wandewu. M'mawa uliwonse ankamenya mnzake, mpaka komiti ya sukulu inagwirizana zomuchotsa. Amalume ake anali atamupezera kale malo m'bwato la asodzi. Mayi anapempha kuti awapatseko nthawi. Anaganizira njala, koma anaona kuti ankamenya ngakhale atadya. Anaganizira malo okhala m'kalasi, anamusuntha, sizinasinthe. Atabwereza zimene analemba, anapeza kuti ndewu inkabuka akangomaliza kuitana mayina. Mnyamatayo anali atangochokera ku jando, kumene anamupatsa dzina loti Alli, koma mayi ankaitanabe la m'kaundula, la ubwana, limene wovinidwa saitanidwa nalo. Anzake ankalibwereza monong'ona akuseka, iye n'kuyankha ndi chibakera.

Mwambowu mayi ankaudziwa ngati wina aliyense pano. Kungoti kaundula ankamuwerenga mmene analembedwera. Pamalo a woyambitsa ndewu analembapo dzina lawo, n'kukawerengera komiti. Dzina lakalelo sinditchula, chifukwa mwini wake ali pano ndipo manja ake anakula. Alli sanachotsedwe sukulu. Anafika mpaka Fomu 4, ndipo lero ali ndi minibasi yakeyake.

Mayi anali a mpingo wa CCAP, a Mvano, ndiponso ankaphunzitsa Sande sukulu. Akulu a mpingo ena amati pamisonkhano mayi ankawayang'ana mmene ankayang'anira Sitandade 3. Anapuma pantchito mu 2021.

Anadwala BP kwa zaka zingapo, ndipo mwezi wa Epulo chaka chino anagwa ndi sitiroko ali kumunda. Alli ndi amene anatsitsa okwera m'minibasi yake n'kuthamangitsira mayi kuchipatala ku Zomba. Matendawa anawasokoneza mayina. Ine ankanditcha Emma, dzina la mkulu wanga, ndipo namwino ankamutcha dzina la mwana wina wa m'kalasi mwawo wakalekale. Koma Alli akabwera kudzawazonda, ankayamba amuyang'anitsitsa, kenaka n'kutchula pang'onopang'ono kuti Alli. Sanaphonyepo mpaka Lachiwiri lapitali, pamene anatisiya.

Asiya ana anayi, aamuna awiri ndi aakazi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mchimwene wawo mmodzi ndi achemwali awo awiri.

Mulungu, amene saphonya dzina la munthu, awalandire. Apumule mu mtendere.