Nyumba ya Alendi Khumi ndi Anayi

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1979 kwa Golomoti, m'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto. Dzina lawo ndi bambo Silvesta Bizeki, achisamba m'banja la ana asanu. Sukulu anayambira ku Mtakataka, akumapita pa njinga ya bambo awo yopanda mabuleki, ndipo mu 2003 anamaliza maphunziro a makompyuta ku Blantyre.

Mu 2007 anamanga ukwati woyera ndi mayi Katerina ku Mua. Chaka chomwecho anayamba ntchito ku Lilongwe, kubungwe loyang'anira zipatala zing'onozing'ono, kuphatikizapo zina zakwathu kuno.

Pano ndilankhule mosapsatira, poti manong'onong'o tawamva pasiwa pano, akuti malemu asiya nyumba ya lendi ndipo mayi Katerina akuibisa. Nkhaniyi inayamba pa Pasaka wa 2024, pamene amalume awo, a Laisoni, anawafunsa chimene chinkawaondetsa. Malemu, poyesa kufotokoza ntchito yawo m'Chichewa, anati ali ndi nyumba ya alendi khumi ndi anayi ndipo akusowa kowasamutsira. A Laisoni anaomba m'manja kuti mphwawo wamanga, ndipo pofika mawa lake msika wonse unali utamva.

Nyumbayo ndi kompyuta yaikulu, yotchedwa seva. Muli pulogalamu imene imaigawa zipindazipinda, chilichonse n'kumagwira ntchito ngati kompyuta payokha: china cha mayina a odwala, china cha mankhwala, china cha amayi a sikelo. Alendi aja ndi amenewo. Chaka chimenecho eni pulogalamuyo anakweza mtengo kufika poti bungwe silikanakwanitsa, choncho panafunika kusankha ina.

Kwa miyezi inayi malemu anayesa mapulogalamu atatu, uku matenda a impso atawagwira kale. Imene iwo ankaikonda inali yamphamvu koma yovuta, yofuna iwo eni tsiku ndi tsiku. Anaisiya. Anasankha yosavuta, imene anzawo a muofesi, mayi Namaliya, angathe kuiyendetsa ndi kubwezeretsa zotayika popanda kuimbira munthu foni. Mayi Namaliya atadabwa, malemu anangoti nyumba yabwino ndi imene imatseguka ngakhale wosunga makiyi atachokapo. Palibe anamva tanthauzo lake, koma malemu anali atadziwa kale kuti masiku awo atsala ochepa.

Ankasamutsa chipinda chimodzi Loweruka lililonse. Mayi Katerina anawachonderera ndi misozi kuyambira Disembala kuti akagonekedwe, iwo n'kumati atsala alendi ochepa. Chomaliza, cha amayi a sikelo, anachisamutsa pa 8 Febuluwale 2025. Lolemba lake anavomera kupita kuchipatala, ndipo pa 2 Malichi anatisiya. Palibe dzina la wodwala ngakhale limodzi limene linatayika, koma ife zikutiwawa, poti akanapita msanga mwina lero sitikanasonkhana chonchi.

Choncho abale, nyumba kulibe. Malemu amwalira iwo eni akukhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Namfedwayu tisamuwonjezere misozi ina.

Asiya akazi awo mayi Katerina, ana awiri, Mayeso ndi Tiwonge, ndi mayi awo owabereka, a Fagness. Tikuthokoza mafumu, adzukulu, amayi a mpingo, ndi mayi Namaliya pamodzi ndi anzawo amene aperekeza thupi kuchokera ku Lilongwe.

Alendi awo onse anawafikitsa bwino. Nawonso Ambuye awatsegulire khomo, mzimu wawo uuse mumtendere.