Piyano ya ku Ofesi ya Madzi

Pa siteji ya basi panali bambo wachikulire amene zala zake sizinkakhala phee. Ankangogogoda pachikwama chake ngati akuliza piyano, mpaka mayi wogulitsa nsapato amene anakhala naye pabenchi analephera kupirira.

"Agogo, chikwamacho chakulakwirani chiyani?"

"Ndi nyimbo imeneyi, mwanangu. Ya piyano yokhayokha, yopanda mawu. Tinkavina ndi malemu akazi anga tili pachibwenzi."

"Bwanji osakaimvera pa wailesi?"

"Anaitaya kalekale! Inangotsala ku ofesi ya madzi. Ukaimba foni, amakuikira imeneyo kuti uzidikira."

"Ndiye mumaimba tsiku lililonse?"

"M'mawa ndi masana. Koma atsikana akumeneko changu chanyanya. Nyimbo ikangofika pokoma, 'Tikuthandizeni chiyani?' Ine ndimati, 'Ndisiyeni ndidikire!'"

"Nanga mpopi wanuwo ndi wowonongekadi?"

"Ndinauthyola ndekha kuti ndikhale ndi chonena. Dzulo anabwera kudzaukonza, nambala yanga n'kuitsekeratu."

"Mayo ine! Tsono mukupita kukadandaula?"

"Ayi, ndikusamukira kwa mpongozi wanga. Kwawoko madzi anasiya kutuluka chaka chatha, ndipo foni yake sakuidziwa." Anasisita chikwama chija. "Ndalongedza zovala za miyezi itatu."