Chikopa cha ku Mangalande

Mu 1957 ine Tenson Mbewe, mkulu wa mpingo pa Chongwe, ndinagula vaneti yatsopano ku Lusaka, ndipo inabwera ndi pepala la galanti lonena kuti ikawonongeka miyezi isanu ndi umodzi isanathe kampani idzakonza ulere, bola munthu wina asagwire injini. Tsoka lake, pamene inafera pakhomo, chimanga chili mbwee kumunda kudikira kututidwa, ine ndi Lyford wokonza njinga tinali titaigwiragwira kale, choncho makanika wa kampani, Peterson, ndinamulandira bodza nditalikonza bwinobwino.

"Funso loyamba, ba Tenson," anatero Peterson, akunyowetsa pensulo ndi lilime. "Kuli munthu anagwirako injini?"

"Kulibe."

"Olo imwe bene?"

"Ine? A Peterson, boneti iyi sinidziwa na potsegulira pake."

Analemba. Kenako anatsegula boneti ija, nasuzumira.

"Ichi ni chani?"

"Paipi ya madzi. Makanika ndimwe, mufunsa ine?"

"Paipi niiona. Nikamba ichi chaimanga. Ni chubu ya njinga."

"Inabwera tero."

"Kuchoka ku Mangalande?"

"Nanga kwao njinga kulibe?"

Anayang'ana kumwamba, akuganiza zenizeni.

"Ziliko," anavomera, nalemba akutchula pang'onopang'ono. "Inabwera... tero."

Mumtima ndinati, uyu ndamupeza. Ndinapinda manja kumbuyo ngati mwini famu.

Peterson anamasula chivindikiro cha lediyeta, naviika chala, nanunkhiza. Kenako ananyambita.

"Phala."

"Dzimbiri limenelo."

"Dzimbiri ilibe gaga, ba Tenson. Uyu ni unga. Wa mugaiwa."

Unalidi mgaiwa. Ndinathiramo ndekha manja awiri ndili pa msewu wa ku Chalimbana kuti utseke pamene pankadontha, ndipo unatseka. Koma pakamwa panali patayamba kale kuthamanga pokha.

"Kwa azungu kuzizira, simudziwa? Amathiramo kuti madzi asaume."

"Aa!" Maso ake anawala. "Ba bwana banakambapo za mankhwala ya mphepo. Koma sibanakambe kuti ni unga."

"Sakamba zonse azungu."

"Zoona, sibakamba zonse." Analemba mizere iwiri yathunthu.

Tsopano analowetsa dzanja kutsogolo kwa injini, nasisita lamba wa fani. Anasisitanso, cham'mbuyo.

"Lamba uyu ali na ubweya."

"Ni mphira wamakono."

"Wofiira? Wa mawanga yoyera?"

"Mufuna akhale wa mtundu wanji?"

Anawerama, nanunkhiza.

"Anunkha khola."

"A Peterson, nakuuzani kawiri, ichi ni chachitatu. Inabwera tero!"

"Chonse?"

"Chonse! Chubu, unga, ubweya, chonse! Lembani!"

Analemba, natseka buku. Kenako anavula kapusi n'kuigwira pachifuwa monga tichitira pamaliro.

"Ba Tenson, pepani maningi. Bakulakwirani."

"Eya! Apo mwakamba. Tsopano tengani masipanala mukonze, chimanga chinidikira."

"Sinigwira olo bauti imozi."

"Mwati bwanji?"

"Lamulo ya kampani. Chikafa chekha, nikonza pamene pano. Lamba na paipi nili navo mu chola. Koma ngati fakitale inatuma motoka ili so, uyu ni umboni. Sitigwira umboni."

"Ndiye muchita nayo chiyani?"

"Mailo m'mawa ibwera lole kuidonsa. Ku Lusaka ikwera sitima mpaka ku Beira. Ku Beira ikwera ya pamanzi. Bakaone bene bake ku Mangalande, bapeze wamene anachita ivi."

Ndinamasula manja amene ndinapinda kumbuyo aja.

"Ibwerako liti?"

"Chaka. Kapena vibili. Manzi yaja ni yakulu."

"Nanga chimanga changa?"

Anatsegula buku, nayendetsa chala kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Funso ya milisi palibe apa."

"Anipatsa ina yogwiritsa?"

"Naiyo palibe. Chiliko ni ichi: pa Mande mubwere ku ofesi, muimike kwanja, mulumbire pamaso pa Mulungu na ba bwana kuti vonse mwakamba ni voona."

Ine amene Sabata lapitalo ndinalalikira za anthu abodza mpaka amayi a chigwirizano kupukuta misozi! Manyazi anandigwira, koma kunena zoona mantha otaya vaneti ndiwo anali akulu. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinatsitsa mawu.

"Peterson mwana wanga, khala apa. Tikambe ngati anthu. Ninanama."

"Iyayi."

"Iyayi chiyani? Nikuti ninanama!"

"Simunganame imwe."

"Chubu ni ya Lyford wa pamsika. Unga ninathira ine, na manja awa."

"Munathira bwanji? Simuziba potsegulira boneti." Anandionetsa tsamba. "Nalemba apa."

"Nidziwa! Ona!"

Ndinatseka boneti kuti phwa! Ndinaitsegula. Ndinatsekanso, ndinatsegulanso, thukuta lili kamukamu.

"Mwaonera ine manje manje," anatero mosirira. "Muli na mutu wabwino, ba Tenson."

"Fufuta zimene walembazo!"

"Ivi ni mau yanu. Ningafute bwanji mau ya mukulu?"

"Ni mau abodza!"

Anandigwira paphewa mwaulemu, nkhope yodzaza chisoni.

"Namvela, ba tata. Mumvelela chifundo muzungu uja bazamuchosa nchito ku Mangalande. Ali na bana, zoona. Ni mutima wa chikhristu. Koma musamubise. Mailo azamangila munthu wina chubu."

"Kulibe mzungu! Mzungu wake ndine!"

"Imwe?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Awe."

"Ndine wabodza, wamva? Wabodza!"

Ndinakuwa kotero kuti amayi awiri a mumpingo mwathu, akuchokera kuchitsime, anaima pamsewu ndowa zili pamutu. Ndinawagwedezera dzanja ngati tikukamba za mvula. Sanachoke.

"Mwaona," ananong'ona Peterson, "olo bamai baja sibakhulupilila."

Apo ndinakumbukira umboni wanga. Ndinathamangira kukhitchini, ndinakwera pa mtondo, ndinatsitsa chikopa chimene chinali pa phaso, n'kuchikoka mpaka pa vaneti, mwaye uli thoo kumaso. Ndinachiponya pamapazi ake.

"Ona! Uyu ni Jamani, ng'ombe yanga yolimira, inafa mu Febuluwale itadya chinangwa. Apa ni pamene tinadula lamba, ine kugwira, Lyford kudula. Linga wekha! Mawanga ni amodzi kapena si amodzi?"

Peterson anagwada. Anatambasula chikopa, nayeza mpata wodulidwawo ndi zala, napita kukayeza lamba. Anazula ubweya pang'ono uku, pang'ono uko, naunika padzuwa. Ine ndinkapuma ngati ndathamangitsidwa ndi njuchi.

"Zoona," anatero potsiriza. "Ni chikumba chimozi."

"Ambuye alemekezeke! Tsopano fufuta."

Anapukusa mutu, nanyowetsa pensulo ndi lilime.

"Ha, bazungu aba! Kansi banaziba kuti lamba azaduka, mpaka bakupasani na sipeya. Pindani bwino, ba Tenson. Naichi chikwera sitima."