Winston Chimkono ndi Kachipangizo ka Ruvimbo

Malemu Winston Chimkono anabadwa pa 9 Meyi 1990 ku St Mary's kuno, kufupi ndi Harare, m'banja la a Naison ndi a Emily Chimkono. Ndikuwerenga ndine Tarisai, mlongo wawo. Chidzukire ndatunga madzi, ndawaza nkhuni, ndatsuka mbale zanu, ndiye mundilole ndiyankhule. Pepala limene analemba amalume a Gordon ndalisiya, chifukwa likuti malemu ankakonza mawailesi. Amalume, wailesi yanu yomwe ija sanaikhudzepo.

Anayamba sukulu mu 1996 ku Zengeza 3. Mu 2011 bambo atamwalira, banja linati aphunzire mmodzi. Achimwene anapita kukoleji ya zamagetsi ku Harare, ine ndinalekezera Fomu 2 n'kuyamba kugulitsa tomato.

Mu 2016 anakwatira mayi Julia ku dera la Unit A. Mu 2019 mayiwa anachoka, ati sangakhale ndi mwamuna wokonda mawaya. Lero kulira kwawo mwakumva nonse mpaka kumsewu.

Ntchito ya malemu inali kupanga tizipangizo tokulitsa mawu ofooka kwambiri popanda kuwonjezera phokoso. Kukulitsa n'kosavuta, zimkuzamawu za m'makombi, maminibasi athu aja, zimatha. Chovuta n'kuti liwu likule, koma kusokosera kwa chipangizocho kusakule nalo. Ankajambula njira za magetsi pa kompyuta, n'kuziyesa momwemo kambirimbiri, kusintha kanthu kamodzi n'kuyesanso, asanawotcherere waya ngakhale mmodzi. Magetsi akazima ife tikutukwana, iwo ankathamangira mabatire, chifukwa m'pamene mawaya a m'nyumba amasiya kung'ung'udza ndipo muyeso umatuluka woona. Ena a inu munkati apenga. Ndikukuonani, mwakhala kutsogolo.

Mwana wanga Ruvimbo anabadwa mu 2018 wosamva bwino. Chothandizira kumva chimene tinagula m'tauni chinkasokosera m'khutu, mwana n'kumachitaya. Malemu anakhalira ntchito yomupangira china zaka zitatu. Pa 4 Juni 2023 tinamuveka kabokosi ngati ka sopo, ndinamuitana ndili kumbuyo, ndipo anacheuka.

Impso zinayamba kuwavuta mu Januwale chaka chino. Obwera kudzazonda sanakwane zala za manja awiri. Ali pamphasa anamaliza kujambula kachipangizo kakang'ono koti mwana azipita nako kusukulu osasekedwa. Sanakapange. Kali m'kompyuta basi. Anatisiya pa 12 Ogasiti.

Ndamva kuti mawa pogawa katundu amalume akufuna kompyutayo, aifufute, aziulutsira nyimbo kumalo awo ogulitsira mowa. Malaya tengani, nsapato tengani. Kompyuta ndinaipereka dzulo kwa a Shingai, anzawo a ntchito a malemu, ndipo akuyamba kuwotcherera Lolemba. Wofuna mlandu andipeze pamsika.

Malemu asiya mayi athu a Emily, ine, ndi Ruvimbo. Ana analibe. Tikuthokoza amayi a mpingo amene ankasinthana nane kuchipatala, adzukulu okumba manda, ndi a Shingai. Enanu zikomo pobwera kudzadya.

Ntchito imeneyi inadya sukulu yanga, banja la achimwene, ndi nyonga zawo zomaliza. Chimene inabweza ndi mwana uyo wakhala apoyo, akumva zonse ndikunenazi.

Achimwene, gonani mumtendere, kumene kulibe phokoso.