Mayi Anastasia Matewere, Pothawira pa Ana Okanidwa

Malemu amene tikuwaperekeza lero, Mayi Anastasia Matewere, anabadwa pa 14 Malichi 1959 ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu. Anali achisamba m'banja la ana anayi. Sukulu analekezera Fomu 2 kuti mlongo wawo, a Moses, apitirize maphunziro.

Mu 1981 anamanga banja ndi a Cuthbert Matewere, ndipo Chauta anawapatsa ana awiri, Ethel ndi Mwabi. Bambo atatisiya mu 2001, mayi anabwera kuno ku Leicester mu 2003, nayamba ntchito yosamalira okalamba. Anakhazikika m'dera la Highfields mumzinda uno. Ambiri mwakhala panonu munagonapo pabalaza pawo mutangofika kumene m'dziko muno. Kumpingo anali mtsogoleri wa amayi.

Mu 2012 Chiletso, mwana wa a Moses, anabwera kudzaphunzira ku yunivesite. Sipanapite nthawi, zinamveka kuti ali pachibwenzi ndi mnyamata mnzake. Chithunzi chawo chinayenda m'mafoni mwathu mpaka kukafika kumudzi. Bambo ake anamukana, ndipo amene ankamusunga anamuponyera katundu panja m'nyengo yachisanu. Malemu anakwera basi kukamutenga. Akuluakulu a mpingo atawaitanitsa, mayi anangoti: "Mwana akamanjenjemera pakhomo panga, sindifunsa kuti amakonda ndani. Ndimatsegula." Sabata lomwelo anawachotsa pa udindo.

Kuyambira pamenepo nyumba yawo inakhala pothawira pa anyamata okonda amuna anzawo ndi atsikana okonda akazi anzawo, a ku Malawi, Uganda, Nigeria ndi kwina. Ankati akaweruka kuntchito, miyendo itatupa, n'kumawaperekeza kwa maloya ndi kukhoti kukawachitira umboni kuti asabwezedwe kwawo. Ena anapulumuka. Michelle wa ku Uganda anabwezedwa mu 2016, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo. Mayi atsikira kumanda akumufunsabe.

Zimene anawalipira anthu a kwathu tikuzidziwa tonse. Nyumba yawo inapatsidwa dzina lomwe sitingalitchule pamaso pa maliro. Akakumana nawo pamsika, anthu ankayang'ana kumbali. Pa ukwati wa Ethel mu 2018, mipando inatsala yokhayokha. A Moses, omwe anawasiyira sukulu aja, sanawalankhulenso. Amati chibale ndi fupa sichiola. Chathu chinaola eni ake akupenya.

Mu 2023 anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala anali Chiletso, mwamuna wake Chris, ndi ana ena aja, mosinthana. Ampingo sanaponde pakhomo ngakhale kudzapereka pemphero. Mayi anamwalira pa 9 Febuluwale 2025, ali ndi zaka 65.

Dzulo kunabwera nthumwi za mpingo zopempha kuti zivundikire bokosi ndi nsalu ya amayi a mpingo. Banja lakana. Munawavula ali moyo, musawaveke atagona. Bokosili alinyamula ndi ana amene anawasunga.

Malemu asiya ana awiri, Ethel ndi Mwabi, zidzukulu zitatu, Chiletso ndi Chris, komanso ana ambiri amene sanawabereke, omwe akhala kutsogolo kunowa.

Tikuthokoza anamwino, komanso Mayi Hawabai oyandikana nawo nyumba, omwe chipembedzo chawo n'china koma sanasowe tsiku lililonse. Enanu tikuthokoza kuti mwafika, ngakhale mwachedwa.

Mayi, kumene mwapitako kulibe wokuyang'anirani kumbali. Mzimu wanu uuse mumtendere.