Lole ya Loweruka

— Halo? Achimwene?

— Ee, telala wa kwathu! Wadzuka bwanji, chemwali?

— Ndadzuka, kaya inu? Alamu ndi ana?

— Onse ali gwa. Wamng'ono uja wamera mano awiri, akuluma aliyense. Nanga mawu akumveka ngati uli m'chitini bwanji?

— Netiweki. Ndaima pawindo la wodi, penapo sikugwira.

— Wodi? Uli kuchipatala?

— Lero ndi tsiku lachinayi. Mwendo unatupa ngati pilo, akuti magazi anaundana mumtsempha. Koma musade nkhawa, m'mawa uno ndapikisana kuyenda ndi agogo a bedi loyandikana nane.

— Wapambana?

— Andisiya kutali!

— Hahaha! Ndinkanena ine, kukhala pamakina tsiku lonse...

— Inenso ndimati ndi makina. Koma adokotala, mayi wina wamfupi wamagalasi, anaona mikwingwirima pamkonopa. Anakoka katani n'kundifunsa kuti, "Mayi, kunyumba mumagona mtima uli m'malo?"

— Zikugwirizana bwanji ndi mwendo?

— Akuti zikuoneka kuti amayi omenyedwa, okhalira mantha, vutoli limawapeza kwambiri kuposa anzawo. Thupi silipuma.

— Omenyedwa? Iwe... alamu omwe aja?

— Chaka chachitatu chino.

— Dzino lija unati unagwa kubafa?

— Bafa lake lovala nsapato.

— Ukuseka? Ndikuliza galimoto pompano, ndikamu...

— Achimwene, khalani pansi! Mukamangidwa andinyamulire katundu ndani? Mvetserani, mayunitsi akutha. Mankhwala andipatsawa, munthu akakumenya pamutu magazi sasiya msanga. Adokotala sanandibisire. Ndiye kunyumba kuja sindibwererako. Lole yanu ili ndi ntchito Loweruka?

— Ngakhale ikhale nayo, simenti ya eni ake idikira.

— Mnzanga wa saluni wandipatsa chipinda kuseri kwa shopu yake, ana ali kale komweko. Kiyi ya kunyumba kuja ali nayo iyeyo. Bambowo Loweruka amaweruka madzulo.

— Eyiti koloko ndafika. Titenge chiyani?

— Makina anga, matiresi, mayunifolomu a ana. Kabati muisiye, ndi yolemera ngati mwini wake.

— Iwe sudzasintha! Koma chemwali, zaka zitatu osandiuza ine?

— Ndakuuzani lero. Amayi musawauze, ndiwauza ndekha. Eya, makatani a pabalaza! Ndinasoka ndekha aja, musawa...

— Ndichotsa ndi misomali yomwe. Halo? Chemwali? Halo?